KHASU, MPOPE NDI MLANDU WA MANKHWALA OPHA UDZU

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Balaka kupita ku Liwonde, nakhotera ku Ntaja, m'mwezi wa Disembala mvula yobzalira itagwa, amaona chinthu chimene makolo athu sadachione. M'minda yambiri anthu akali kuŵerama ndi makasu monga mwa masiku onse. Koma m'minda ina muli munthu mmodzi yekha, chigubu atabereka kumsana, dzanja lamanzere likupopa, lamanja likuyendetsa kampope pamwamba pa udzu. Pakapita sabata imodzi kapena ziŵiri, udzu uja umachita chikasu nuuma, ngati padapita moto wopanda utsi.

Mankhwala amene amakhala m'chigubumo kaŵirikaŵiri ndi glyphosate, amene ambiri amaŵadziŵa ndi dzina la malonda lakuti Roundup. Pa dziko lonse lapansi palibe mankhwala opha udzu amene athiridwa m'minda kuposa ameneŵa, ndipo ndi oŵerengeka amene akanganitsa maboma, akatswiri ndi mabwalo a milandu monga iwoŵa. M'chaka cha 2019 mkanganowo udafika mpaka ku Lilongwe, pamene Boma lathu lidaimitsa zilolezo zoitanitsira mankhwalaŵa kuchokera kunja. Mlimi wa ku Utale kapena wa kwa Kawinga sangalakwe kufunsa kuti: Kodi chimene ndabereka kumsanachi nchiyani? Adachiyesa ndani, ndipo adapeza zotani? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, pakuti nkhani ya mpope idayambira pa khasu.

Khasu ndi mizere

Chiyambire kale, mdani wamkulu wa mlimi kuno kwathu ndi udzu. Chimanga chikamera, nawo udzu umamera tsiku lomwelo: kapinga, daŵe, khovani, nansongole, osaiŵala kaufiti amene amayamwa mizu ya chimanga mwakachetechete kunsi kwa nthaka. Mlimi akachedwa kupalira pa masabata oyambirira, ndiye kuti wataya gawo lalikulu la zokolola zake chimanga chisanafike ndi m'chiuno momwe. Tsono kupalira ndi kubandira kumagwa m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, malungo achuluka, ndipo thupi lilibe nyonga. Ntchito yoŵaŵa koposa pa chaka imadza mimba ili pululu. Ndipo tisabise, ochuluka mwa ogwira khasuwo ndi amai.

Mizere imene lero timaiyesa mwambo wa makolo idafala chifukwa cha lamulo. Makolo athu ambiri ankalima pa matutu. Boma la atsamunda litaona kukokoloka kwa nthaka, lidakhazikitsa lamulo loteteza nthaka m'chaka cha 1946, ndipo njala ya 1949 itapita, m'masiku a Bwanamkubwa Geoffrey Colby, lamulolo lidakhwima kwambiri. Anthu adakakamizidwa kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala. Wokana ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa, ndipo ena mbeu zao zinkazulidwa. Mau akuti malimidwe adasanduka mau oŵaŵa m'makutu mwa anthu, nathandiza kukoleza moto wa ndale umene udatifikitsa pa ufulu m'chaka cha 1964. Chodabwitsa nchakuti ufulu utabwera mizere idatsala, ndipo alangizi a Boma latsopano adapitiriza kuiphunzitsa mpaka idazoloŵereka.

Apa tikuona chinthu chimene chidzabwerezeke m'nkhani yathuyi. Uphungu wa zaulimi umachokera kutali, umadza ndi mphamvu, ndipo umasintha pakapita zaka. Koma woŵerama m'munda, amene amalipira ndi thukuta ndi thupi lake uphunguwo ukaphonya, sasintha ai.

Phunziro la thonje

Mpope sudaloŵe m'dera lino chifukwa cha udzu, udaloŵa chifukwa cha thonje. Chigwa cha kumtunda kwa Shire, kuyambira ku Phalula, Utale ndi Balaka mpaka ku Ulongwe, ndi dziko lotentha, la mvula yapatalipatali, lokomera thonje. Masiku amenewo dera lonseli linali pansi pa boma la Kasupe, limene pambuyo pake lidatchedwa Machinga. Balaka lidadzakhala boma palokha m'chaka cha 1998. Adani a thonje ndi mbozi zoboola zipatso zake zisanaphulike. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri a Boma, amene likulu la ntchito yao lidadzakhala ku Makoka kufupi ndi Zomba, adakonza ndondomeko ya kapoperedwe. Pa mbozi yofiira adalangiza carbaryl, amene alimi adamdziŵa kuti Sevin, ndipo pa mbozi inzake adalangiza DDT. Zokolola zidakweradi, ndipo mlimi wobereka mpope adasanduka chithunzi cha mchikumbe.

DDT anali ndi mbiri yokoma. Mphamvu yake yopha tizilombo idatulukiridwa ndi Paul Müller wa ku Switzerland m'chaka cha 1939, ndipo m'chaka cha 1948 mkuluyu adalandira mphotho ya Nobel, chifukwa mankhwalawo adapulumutsa anthu osaŵerengeka ku malungo ndi ku nthenda zofala ndi nsabwe. Koma m'chaka cha 1962 mai wina wa ku America, Rachel Carson, adatulutsa buku lotchedwa Silent Spring, losonkhanitsa umboni wakuti DDT saola msanga. Amaunjikana m'mafuta a nsomba, a mbalame ndi a anthu, mpaka kupezeka mu mkaka wa m'maŵere. Mbalame zodya nsomba zinkaikira mazira a zikamba zopyapyala, oswekera kunsi kwa make. M'chaka cha 1972 Boma la America lidaletsa DDT m'minda. Kuno kwathu adapoperedwabe pa thonje kufikira m'zaka za m'ma 1980. Pangano la maiko la ku Stockholm la m'chaka cha 2001 lidangomlola pa ntchito yolimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda, monga udzudzu.

Ŵerengani zakazo, abale anga. Kuchokera pamene DDT adatamandidwa kufikira pamene kuipa kwake kudavomerezedwa padapita zaka zoposa 20, ndipo kuchokera pamene eniake adamleka kufikira pamene ife tidamleka padapitanso zaka zoposa 10. Mbiri imeneyi ikutipatsa chifukwa chokwanira chofunsira mafunso. Koma sikutipatsa ufulu woyesa mankhwala onse DDT. Aliwonse ali ndi mlandu waowao, woyenera kuuzenga pa umboni wakewake.

Mlendo wa kalumo kakuthwa

Mphamvu ya glyphosate yopha udzu idatulukiridwa m'chaka cha 1970 ndi John Franz, katswiri wa kampani ya Monsanto ku America, ndipo mankhwalawo adayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1974. Kagwiridwe kake ka ntchito nkotere: amaloŵera m'masamba, nayenda m'thupi la chomera kufikira ku mizu, natseka njira imene chomeracho chimapangira zina mwa zakudya zomangira thupi lake. Njira imeneyo imapezeka m'zomera, m'boŵa ndi m'tizilombo tina tosaoneka ndi maso, koma m'thupi la munthu ndi la nyama mulibe. Akagwera pansi amakanirira ku dothi, ndipo tizilombo ta m'nthaka timaŵaphwanya pa masabata kapena miyezi ingapo. Pa zifukwa ziŵirizi akatswiri ambiri adaŵayesa ofatsa kuposa mankhwala ena a mtundu wao. Koma sasankha. Chobiriŵira chilichonse chimene achikhudza chimafa, udzu ndi chimanga chomwe. Nchifukwa chake mlimi wa kuno amapopera asanabzale, kapena atangobzala mbeu isanatuluke.

M'chaka cha 1996 ku America kudatuluka mbeu zosinthidwa chibadwa zimene sizifa ndi glyphosate, ndipo malonda ake adakwera koopsa. M'chaka cha 2000 umwini wa Monsanto pa mankhwalaŵa udatha, makampani ena, makamaka a ku China, nayamba kupanga aoao a maina osiyanasiyana. Mtengo udatsika, ndipo ndi pamene adatha kufika m'timasitolo ta ku Ulongwe ndi ku Nsanama.

Minda ikuluikulu ya tiyi, ya nzimbe ndi ya fodya idadziŵa mankhwala opha udzu kale. Koma kwa mlimi wamng'ono khomo lidatsekuka cha m'ma 1998, pamene bungwe la Sasakawa Global 2000 lidayamba kugwira ntchito pamodzi ndi alangizi a Boma. Ambiri amalikumbukira chifukwa cha kabzalidwe ka njere imodzi pa phando, motalikirana masentimita 25. Koma m'minda yake ina yachitsanzo bungwelo lidaphunzitsanso kusagalauza mizere, kuyala mapesi, ndi kupha udzu ndi Roundup pamodzi ndi Bullet, mankhwala osakaniza atrazine ndi alachlor oletsa njere za udzu kumera. Kuyambira cha m'ma 2005, bungwe lofufuza za chimanga la CIMMYT, mogwirizana ndi Total LandCare ndi alangizi a Machinga ADD, lidatsekula minda yoyesera kwa Malula, kwa Lemu ndi kwa Herbert ku Balaka, ndiponso kwa Matandika ku Machinga. Kumeneko munda wa mizere ndi khasu unkayerekezedwa chaka ndi chaka ndi munda wophimbira, wothiridwa malita aŵiri ndi theka a glyphosate pa hekitala. Patapita zaka zingapo kudaoneka kuti munda wophimbira ukusunga chinyontho, ukupirira ng'amba, ndipo ukupeputsa ntchito. Ulimiwu udatchedwa mleranthaka, ena namautcha mtayakhasu. Choncho zidzukulu za anthu amene adamangidwa chifukwa chokana mizere zidayamba kuphunzitsidwa kusiya mizere.

Tisanyoze amene adalandira mlendoyu ndi manja aŵiri. Mai wamasiye wolera adzukulu, m'zaka zimene Edzi idakolola anthu a mphamvu m'midzi yathu, akaona ntchito ya masabata atatu ikutha pa tsiku limodzi, angalekerenji kuyamika? Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kakuthwa kamameta bwino, kamathekanso kucheka khutu.

Akatswiri asiyana mau

M'mwezi wa Malichi 2015, akatswiri 17 ochokera m'maiko 11 adakumana ku Lyon, m'dziko la France, ku likulu la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Ataŵerenga kafukufuku amene adasindikizidwa poyera, adagamula kuti glyphosate aloŵe m'gulu lotchedwa 2A, la zinthu zimene zikuoneka kuti zingathe kuyambitsa khansa mwa anthu. Adati umboni wochokera ku nyama zoyesera ngwokwanira, koma wochokera kwa anthu ngwochepa, ndipo ukuloza ku khansa ya m'mwanabere yotchedwa non-Hodgkin lymphoma. Patangopita miyezi itatu bungwe lomwelo lidaika DDT m'gulu lomwelo, ndipo chakumapeto kwa chakacho lidaikamonso nyama yofiira, monga ya ng'ombe ndi ya mbuzi.

Maboma sadavomereze. M'mwezi wa Novembala 2015 bungwe loona za chakudya la maiko a ku Ulaya, EFSA, lidati nkokaikitsa kuti glyphosate angadzetse khansa. M'mwezi wa Meyi 2016 akatswiri ena a WHO yomweyo, atakhala pamodzi ndi a bungwe la zaulimi la FAO, adati timankhwala totsalira m'chakudya sitikuoneka kuti tingadwalitse munthu khansa. Nalonso bungwe la Boma la America loteteza chilengedwe, EPA, lidanena chimodzimodzi m'mwezi wa Januwale 2020.

Kodi anthu ophunzira angasiyane bwanji chotere pa chinthu chimodzi? Chifukwa choyamba nchakuti sankayankha funso limodzi. A IARC amafunsa ngati chinthu chili ndi mphamvu yoyambitsa khansa, osaŵerengera za muyeso. Maboma amafunsa ngati chingatero pa muyeso umene munthu amakumana nawo akatsata malangizo. Wina akunena kuti mu Shire muli ng'ona; mnzake akunena kuti woolokera pa mlatho wa ku Liwonde sagwidwa. Onse aŵiri angathe kunena zoona. Funso lotsala ndi lakuti kodi anthu athu akuolokera pa mlatho kapena akuvuula madzi.

Chifukwa chachiŵiri nchakuti sankaŵerenga mapepala amodzimodzi. A IARC adangodalira kafukufuku woonekera kwa onse, pamene maboma adadaliranso kwambiri kafukufuku woperekedwa ndi makampani eniake, monga lamulo limafunira pofunsira chilolezo. M'chaka cha 2017 makalata a m'kati mwa Monsanto ataululidwa m'bwalo la milandu, kudaoneka zosonyeza kuti antchito a kampaniyo adathandizapo kulemba nkhani zina zimene zidatuluka m'maina a akatswiri apadera. Kampani idakana kuti idachita chinyengo, koma chikhulupiriro cha anthu chidagwedezeka.

Kafukufuku wamkulu koposa wochitidwa ndi boma pa anthu opopera ndi wotchedwa Agricultural Health Study. Pakati pa 1993 ndi 1997 nthambi za zaumoyo za Boma la America zidalemba maina a opopera mankhwala m'zigawo za Iowa ndi North Carolina, nkumatsata umoyo wao zaka ndi zaka. Zotsatira zimene zidasindikizidwa m'chaka cha 2018 zidakhudza anthu 54,251, ndipo mwa iwo 44,932 adagwiritsapo ntchito glyphosate. Ofufuzawo sadapeze mgwirizano pakati pa mankhwalaŵa ndi non-Hodgkin lymphoma. Adangoona kachizindikiro kofooka ka khansa ina ya m'magazi mwa amene adapopera kwambiri, nati kafunika kukafufuzanso. Koma m'chaka cha 2019 akatswiri ena a m'masukulu aukachenjede a ku America, ataphatikiza kafukufukuyu ndi ena asanu, adaŵerengera kuti mwa opopera kwambiri chiopsezo cha lymphoma chimakwera ndi magawo 41 pa 100. Chiŵerengerochi tichimve bwino. Sichitanthauza kuti anthu 41 pa 100 adzadwala ai. Chitanthauza kuti ngati pa khamu lina la anthu pakadadwala 100, pa khamu lofanana nalo la opopera kwambiri pangadwale 141.

Kuchokera ku San Francisco kufika ku Lilongwe

Akatswiri akali kukangana, nkhani idaloŵa m'bwalo. Dewayne Johnson, wosamalira mabwalo a sukulu ku California, amene ankapopera kambirimbiri pa chaka ndipo adanyowapo thupi lonse ndi mankhwalaŵa, adadwala lymphoma nasumira Monsanto. Pa 10 Ogasiti 2018 bwalo la ku San Francisco lidagamula kuti alipidwe madola 289 miliyoni, ndalama zimene mabwalo aakulu adazitsitsa kufika pa 20.5 miliyoni. Apa nkuti kampani ya Bayer ya ku Germany itangogula kumene Monsanto pa madola 63 biliyoni. M'mwezi wa Malichi 2019 wodwala wina, Edwin Hardeman, adapambananso mlandu wotere. M'mwezi wa Juni 2020 Bayer idalola kupereka ndalama zofika madola 10.9 biliyoni kuti ithetse milandu yambirimbiri, koma osavomera kuti mankhwala ake ngolakwa, ndipo milandu ina yotsatira idapambana ndi kampaniyo. Bwalo la milandu limaŵeruza pakati pa anthu aŵiri, silitha kutseka mkangano wa sayansi.

Mphepo ya milanduyi ndiyo idaomba kuno. M'mwezi wa Epulo 2019 Mlembi Wamkulu mu Unduna wa Malimidwe, a Gray Nyandule Phiri, adalengeza kuti zilolezo zoitanitsira mankhwala a glyphosate zaimitsidwa. Dzina la Malaŵi lidamveka m'nyuzipepala za kunja pakati pa maiko ochepa amene adachitapo kanthu. Boma lidachita bwino kutchera khutu, ndipo linali ndi chida chogwirira ntchitoyo, pakuti lamulo la m'chaka cha 2000 lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene lidayamba ntchito yake ku Bvumbwe, kuti lizilembetsa ndi kuyang'anira mankhwala onse otere. Komabe tiyenera kuona kuti chidatidzidzimutsa chinali chigamulo cha ku California, osati muyeso wotengedwa ku Rivirivi. Ndipo m'zaka zotsatira mankhwalaŵa adapitirira kupezeka m'masitolo ndi m'minda.

Kunjako nkhani idapitirira kugwedezeka. M'mwezi wa Juni 2022 bwalo lina lalikulu la ku America lidakana gawo la zaumoyo la chigamulo cha EPA, ponena kuti silidatsate bwino ndondomeko zake zomwe, nililamula kuti liunikenso. M'mwezi wa Novembala 2023 maiko a ku Ulaya adaonjezera chilolezo cha glyphosate ndi zaka 10, kufikira 2033. Dziko la Sri Lanka lidaletsa mankhwalaŵa m'chaka cha 2015, koma alimi a tiyi atadandaula lidafeŵetsa lamulolo m'chaka cha 2018. Kuletsa nako kuli ndi mtengo wake, makamaka ngati pamalo pa glyphosate paloŵa paraquat, amene kakamwa kamodzi kokha kangathe kupha munthu.

Mafunso athuathu

Kafukufuku yense wamkulu amene tatchulayu adachitikira kutsidya kwa nyanja. Anthu a ku Iowa aja anali opopera a ziphaso, otha kuŵerenga malangizo m'chinenero chao, ambiri a iwo okhala ndi makina, magolovesi ndi madzi osamba akaŵeruka. Tsono ine ndidaona ndi maso anga mnyamata waganyu akupopera m'munda wina kufupi ndi mtsinje. Anali wopanda nsapato, atavala kabudula, chigubu chikudontha mpaka malaya onse kumsana ali chonyowa. Mankhwala adagula oyeza, m'botolo la zakumwa lopanda chizindikiro chilichonse. Atamaliza adakatsuka mpope pa dooko, kumunsi kwake amai akutsuka mbale. Mau akuti mankhwalaŵa saopsa akatsatidwa malangizo angakhale oona ku Iowa, koma mnyamata uja malangizowo sadaŵaone nkomwe. Iyeyo ndiye wovuula madzi uja.

Funso lachiŵiri ndi la madzi. M'botolo simukhala glyphosate yekha. Mumakhalanso mankhwala ena omthandiza kumatirira pa tsamba, ndipo amodzi mwa iwo, otchedwa POEA, amapweteka nsomba ndi ambululu kuposa glyphosate mwini wake. Maiko a ku Ulaya adaletsa kusakaniza POEA ndi glyphosate m'chaka cha 2016. Nayenso atrazine wa mu Bullet uja sakanirira ku dothi, amatsata madzi, ndipo ku Ulaya adachotsedwa pa msika m'chaka cha 2004 chifukwa chopezeka m'madzi a pansi pa nthaka. M'chaka cha 2013 katswiri wa ku Chancellor College, mai Deliwe Lakudzala, adasindikiza zimene adapeza atayeza madzi a m'dera la Zomba ndi Bvumbwe, ndipo m'madzi ena oyenda pamtunda mudapezeka atrazine. Tsono tikumbukire kumene madzi athu amathera. A ku Balaka amatsikira mu Shire, amene mzinda wa Blantyre umamwa. Ambiri a kuvuma kwa Machinga, monga a mu Domasi ndi Lingoni, amathera m'nyanja ya Chilwa, nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulukamo, imene idaphwa m'chaka cha 1968, cha 1995, ndi cha 2018. Nyanja imeneyi ndiyo nkhokwe ya matemba, makumba ndi milamba, ndipo idalembedwa m'chaka cha 1997 pakati pa madambo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse. Choloŵa m'Chilwa chilibe khomo lotulukira, ndipo madzi akatayika saoleka.

Funso lachitatu ndi la ndiwo. Buku la mlangizi likati udzu, amai athu amaonamo chisoso, bonongwe, luni, denje ndi cheŵe. Ndili mwana, m'mwezi wa Januwale, amai ankabwera kuchokera kopalira ndi ndiwo kunsonga ya chitenje, ndipo nsima idaloŵa chifukwa cha zimenezo. Munda wa makolo unali wa chisakanizo: chimanga, nandolo, khobwe, maungu, ndi masamba odzimerera okha pakati pake. Mpope sudziŵa kusiyanitsa bonongwe ndi kapinga, ndipo atrazine wotsalira m'nthaka amaononga nyemba ndi maungu. Munda ungathe kuyera nkuoneka bwino kwa odutsa, mphika wa ndiwo uli gwa.

Funso lachinai ndilo loŵaŵa koposa. Akatswiri atatu a ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, a Bouwman, a Andersson ndi a Giller, adafufuza m'midzi ya m'Chigawo cha Pakati, nasindikiza zotsatira zake m'chaka cha 2021. Adapeza kuti ogula mankhwala opha udzu ndi mabanja opezako bwino, omwe aja ankalemba aganyu opalira. Mpope utaloŵa, ganyu adachepa, ndipo mabanja osauka, amene m'miyezi ya njala ankadalira ganyuyo kuti apeze ufa kapena madeya, adatsala manja ali m'khosi. Wodziŵa midzi ya ku Phalula ndi ku Nayuchi sangaiyese nkhani yachilendo. Ganyu si ntchito yosiririka, ndipo amamchotsa mmphaŵi m'munda mwake nthaŵi imene mundawo ukumfuna. Komabe kwa ambiri ndiye chingwe chomaliza chogwirira mpaka chimanga chiche. Palibe bungwe la ku Lyon kapena la ku Washington limene lingatiyezere chiopsezo chotere. Imeneyi ndi ntchito yathu.

Tichitenji tsono?

Mbiri imeneyi sikutiuza kuti titaye mpope m'dzenje, sikutiuzanso kuti tigone tulo. Umboni umene ulipo ukusonyeza kuti wodya nsima ya chimanga cha m'munda wopoperedwa asanabzale alibe chifukwa chachikulu chochitira mantha. Woyenera kumdera nkhaŵa ndi wopopera, makamaka amene amapopera minda ya anthu ambiri chaka ndi chaka, thupi lili pamtunda. Pambuyo pake pakubwera mtsinje, mphika wa ndiwo, ndi banja lodalira ganyu.

Kwa Boma pempho lathu nlakuti lifufuze kwao kuno, osadikira kuti bwalo lina la kutali litidzutsenso. Tili ndi Bvumbwe, Makoka ndi Chitedze, tili ndi masukulu aukachenjede ndi zipatala. Madzi a mu Rivirivi, mu Domasi ndi m'Chilwa angathe kuyezedwa chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa. Opopera aganyu angathe kulembedwa maina, kuphunzitsidwa ndi kutsatidwa umoyo wao monga adachitira anzathu ku Iowa. Malangizo a pa botolo alembedwe m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, ogulitsa mankhwala oyeza m'mabotolo a zakumwa aletsedwe, ndipo zimene zapezeka zilengezedwe poyera, pa wailesi ndi pa misonkhano ya mafumu, kuti mlimi asankhe akudziŵa.

Kwa inu alimi anzanga, zina zili m'manja mwanu lero lomwe. Valani jombo, buluku, malaya a manja aatali ndi magolovesi, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo musanagwire chakudya. Konzani chigubu chodontha. Musapopere kukuomba mphepo kapena mvula ili pafupi. Musatsuke mpope mumtsinje kapena pa mjigo. Botolo lotha liboolereni, lisasanduke la mafuta, la mchere kapena la thobwa. Ana ndi amai oyembekezera asagwire ntchitoyi. Siyani kachigawo ka munda kosapopera kuti ndiwo zimere, ndipo kumbukirani kuti mapesi oyala mokwanira, nandolo ndi khobwe nazonso zimapondereza udzu popanda kugula. Mukakaika funsani mlangizi, pakuti safunsa adadya phula.

Makolo athu adalandira mizere ndi chikoti, atate athu adalandira DDT ndi nthungululu, ndipo onsewo sadafunsidwe maganizo ao. Ife tili ndi mwai umene iwo adausoŵa, wakuti mbiriyi tikuidziŵa mankhwala akali m'manja mwathu. Tiugwiritse ntchito mwaiwo mvula ya chaka chino isanagwe.